Ndinati Ayi, Galimoto Inatuluka

Ntchito yanga yoyamba ya umakaniko ndinaipeza ndikutchetcha kapinga. Ndinafika ku Pretoria chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, nditamaliza fomu folo kwathu ku Ntcheu n'kukhala zaka zitatu osapeza chochita. Msuweni wanga amene ankagwira ntchito ya m'gadeni ku Irene ndiye anandipezera malo panyumba ya mzungu wina ku Montana. Mzunguyo dzina lawo anali a Kobus, koma tonse tinkangoti abwana. Dzina langa, Waisoni, analimva tsiku loyamba n'kulisiya pomwepo. Ankandiitana kuti Malawi.

Nditagwira miyezi inayi, makina otchetchera kapinga anasiya kulira. Kwathu ndinkathandiza amalume pachigayo chawo cha dizilo, choncho zitsulo sindinkaziopa. Ndinayala saka pansi pa mtengo, ndinamasula kabuleta, n'kuika chilichonse pasakapo motsatira mmene ndachichotsera. Kabowo kodutsa petulo kanali katatseka. Ndikukatokosa ndi kawaya, ndinaona nsapato za abwana patsogolo panga. Ndinaganiza kuti ntchito yatha. Iwo anayang'ana sakalo nthawi yaitali, kenako anandiuza kuti ndibwezere zonse akuona. Makina atalira, anati Lolemba ndikapezeke kugalaja kwawo.

Pangano linali lakuti Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu ndizikhala kugalaja, Lachiwiri ndi Lachinayi kugadeni. Anati ndikafika Disembala osawononga kanthu, adzapeza munthu wina wa kapinga, ine ndidzakhala wa kugalaja sabata yonse. Mawu amenewo ndinawasunga mumtima chaka chathunthu. Sindinkafuna kukalamba ndi fosholo m'manja.

Galajayo inali shedi yaikulu ya malata, mtunda wa mphindi makumi anayi wapansi kuchokera kunyumba kwawo. Munali dzenje limodzi lolowamo pokonza pansi pa galimoto, majeke awiri, masitandi asanu ndi limodzi okhazikapo galimoto ikakwezedwa, tcheni yokwezera injini ndi makina owotcherera. Makasitomala ambiri anali anthu a magalimoto othamanga, amene Loweruka amapita kukapikisana pabwalo. Ogwira ntchito tinali atatu: abwana, ine, ndi Che Saidi.

Che Saidi anali Myao wa ku Mangochi, wa ndevu zoyamba imvi, katswiri wowotcherera. Anali atakhala pagalajapo zaka khumi ndi chimodzi. Tsiku loyamba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, nati, "Ndiye injiniya wa kapinga uja ndinu? Maluwa mwawasiya ndi yani, a Waisoni? Afota ndi chisoni." Anandiponyera ovolosi yakale yong'ambika pabondo. Anandiphunzitsa zambiri, koma chilichonse ankachikulunga ndi chipongwe. Ndikagwetsa sipanala ankati, "Musadandaule, mawa imera."

Kwa amene sadziwa ntchitoyi, ndifotokoze pang'ono. Injini simangidwa mwachindunji pathupi la galimoto. Imakhala pa mphira ziwiri, ina kumanja ina kumanzere, ndipo giyabokosi imakhala pa zina ziwiri zing'onozing'ono. Mphira zimenezi timazitcha mamauntini. Iliyonse ili ndi bawuti yotulukira kumwamba, yolowa mu mkono wachitsulo wa injini, ndi ina yotulukira pansi, yolowa mu mtanda wa chasisi, chimango chachitsulo cha galimoto. Za kufakitale zimakhala zofewa kuti woyendetsa asamve kunjenjemera. Koma munthu akawonjezera mphamvu ya injini, nthawi iliyonse akaponda moto injiniyo imafuna kupotokoka, mbali ina kudzuka ina kutsika, ndipo mphira yofewa sichedwa kung'ambika. N'chifukwa chake timaika zolimba. Thupi la galimoto nalonso limapindika pokhota mothamanga, ngakhale maso saona. Pofuna kuletsa zimenezi timaika mabulesi. Bulesi ya pamwamba ndi chitsulo chopingasa pamwamba pa injini, cholumikiza pamene pamangidwa mashoko awiri akutsogolo. Ya pansi ndi zitsulo ziwiri zodutsana, zomangidwa kumimba kwa galimoto.

Lamulo la Che Saidi pantchito imeneyi linali limodzi: nati yoyamba sulimbitsa yomaliza isanalowe. Zonse umayamba wazimanga ndi zala. Kenako umatsitsa galimoto kuti iime ndi matayala ake, n'kuliza injini kwa mphindi imodzi. "Injini ili ngati mlendo pampando," ankatero. "Muyambe mwamusiya akhazikike." Ikakhazikika m'pamene umatenga toki renchi, sipanala yaitali ija imene imalira kuti tha nati ikafika pamlingo wolembedwa m'buku. Ukalimbitsa galimoto ili m'mwamba, mphira imakhala yokokeka, bulesi imakhala yokakamizidwa, ndipo pakapita miyezi china chake chimasweka.

Mu Novembala kunabwera galimoto yofiira ya zitseko ziwiri, ya masilinda asanu ndi limodzi, yokankha ndi matayala akumbuyo. Mwini wake anali loya wina wa ku Faerie Glen, munthu wosakhazikika, wolankhula uku akuyang'ana wotchi. Anadandaula kuti akasintha giya mwamphamvu akumva kugunda pansi pa boneti. Anafuna mamauntini olimba onse anayi, mabulesi onse awiri, komanso kuti pamene chasisi yayamba ming'alu pawotchereredwe zigamba zachitsulo. Anati aifuna Lachisanu madzulo chifukwa Loweruka ali ndi mpikisano.

Atachoka, abwana anandilozera galimotoyo ndi chibwano, nati mamauntini ndi anga. Aka kanali koyamba kundipatsa ntchito yangayanga pagalimoto ya mtengo wotero. Che Saidi anati, "Eee, a Waisoni akwezedwa. Mawa tikupezani muli ndi tayi." Ine sindinaseke. Ndinadziwa kuti mayeso a Disembala ndi amenewa.

Lachitatu tinaikweza pamasitandi. Ndinamasula batire. Ndinaika jeke pansi pa sampu, beseni la oyilo la kunsi kwa injini, thabwa lili pakati kuti chitsulo chisaphwanye aluminiyamu. Ndinamasula manati a pamwamba ndi soketi ya 17, kenako a pansi, n'kuyamba kukweza injini pang'onopang'ono, maso ali pa fani kuti isakhudze rediyeta ndi pa mapaipi a madzi kuti asakokeke. Mauntini ya kumanzere inatuluka ili pawiri, mphira itasiyana ndi chitsulo chake. Ndinapukuta pokhalira pake ndi bulashi ya waya. Masana onse Che Saidi anali chagada pansi pa galimoto, akuboola kumapeto kwa mng'alu uliwonse kuti usapitirire, n'kuwotcherera zigamba. Ine ndinkagwira chozimitsira moto ndi nsanza yonyowa, ndikuyang'anira kapeti wa mkati kuti asayake.

Lachinayi ndinali kugadeni, koma mtima unali kugalaja.

Lachisanu ndinafika m'mawa kwambiri. Mamauntini atsopano anali olimba ngati chidendene cha nsapato. Iliyonse inali ndi kansonga pansi koyenera kulowa m'kabowo kake, ndipo ya kumanja inandivuta mpaka ndinagwedeza injini ndi chitsulo chochotsera matayala kuti ikhale bwino. Ndinaika za giyabokosi. Tinanyamula bulesi ya pansi ndi Che Saidi, n'kulowetsa mabawuti ake anayi. Zonse ndi zala. Tinatsitsa galimoto, ndinalumikiza batire, ndinaliza injini. Inagwedezeka kamodzi, kenako inakhala phee, ndipo kulira kwake kunkamveka m'chiwongolero monga zimakhalira ndi mamauntini olimba. Ndinazimitsa. Ndinalimbitsa manati a pamwamba ndi toki renchi, ndinaika bulesi ya pamwamba, n'kupukuta ponse pamene panali zala zanga.

Zinatsala za pansi: manati awiri a injini, awiri a giyabokosi, ndi mabawuti anayi a bulesi. Galimotoyo inali yotsika kwambiri moti ngakhale mutu sukanalowa. Inafunika dzenje. Koma padzenje panali pikapu imene abwana anaichotsa ekiselo yogwira matayala akumbuyo, akudikira chitsulo china kuchokera mtawuni.

Nthawi inali itakwana yoti Che Saidi apite kumzikiti, monga ankachitira Lachisanu lililonse. Akusamba m'manja anati, "Za pansizo musakhudze. Pikapu ikachoka tiikankhira padzenje, mumalize ine ndikuona. Musathamange, si udzu uwu."

Atangochoka, kunja kunalira hutala. Anali adona, akazi awo a abwana. Loweruka kunyumba kunkabwera alendo odzaotcha nyama, ndipo kapinga wa kumbuyo, amene ndinasiya Lachinayi chifukwa cha mvula, anali asanatchetchedwe. Abwana anatuluka m'dzenje, analankhula nawo pang'ono, nabwera kwa ine. Anati ndipite ndi adona, ndi maola awiri okha. Linali tsiku langa la kugalaja, ndipo ntchito yanga inali pakati. Sindinatsutse. Munthu amene akudikira Disembala satsutsa.

Muofesi foni inayamba kulira. Abwana anasuzumira pansi pa boneti, anagwira bulesi ya pamwamba n'kuikoka, ili nganganga. Akutembenuka kale kulowera kufoni, anafunsa m'Chingerezi:

"Malawi, you didn't leave anything loose?"

Ndiko kuti, sunasiye chilichonse chosalimbitsa?

Ndinati, "No, boss."

Apa m'pamene pali nkhani yonse. Kwathu munthu akakufunsa kuti, "Simunatseke chitseko?" ngati sunatsekedi umati eya, chifukwa wanena zoona. Ngati unatseka umati ayi, chifukwa walakwitsa. Ayi wathu amatsutsa mawu a wofunsayo. Ine ndinali nditasiya zinthu zisanu ndi zitatu zosalimbitsa, choncho ndinatsutsa. Ayi, bwana, si choncho, ndasiya. Koma kwa mzungu, ayi pafunso ngati limenelo ndiye kuvomereza kuti palibe chatsala. Zimenezi ndinaziphunzira kusekondale, ndipo papepala ndinkazikhoza. Tsiku limenelo, manja ali ndi girisi, hutala ikulira, mkamwa munatuluka mawu a Chingerezi koma amene ankayankha anali Mchewa.

Ndinayamba kuwonjezera kuti za pansi zikudikira dzenje, koma iwo anali atagwedeza mutu n'kulowa muofesi. Ndinaima kwa kamphindi ndi nsanza m'manja. Mumtima munali kachikaiko. Ndikanatha kuwatsatira n'kudikira kuti amalize kulankhula pafoni. Koma kwathu wamkulu akakufulatira sumuitana kuti abwerere, ndipo adona analizanso hutala. Ndinadziuza kuti amva, n'chifukwa chake akundituma kwina: galimoto singachoke dzenje lisanatseguke. Ndinavula ovolosi n'kukwera kumbuyo kwa galimoto ya adona.

Maola awiri aja anakhala anayi. Nditatchetcha, anati ndidule m'mphepete. Nditadula, anati ndisese maluwa a jakaranda amene anadzaza panjira. Kenako ndikweche chootchera nyama ndi kutulutsa mipando. Pomaliza adona anali atapita kukagula zinthu, choncho ndinabwerera wapansi. Ndinafika kugalaja cha m'ma folo koloko.

Pamene panali galimoto yofiira panali katoni yokha imene ndinayala pansi pake. Pikapu inali ikadali padzenje.

Che Saidi anali pabenchi akunola chitsulo. Ndinawafunsa kuti galimoto ili kuti.

"Yapita. Mwini wake anabwera msanga, ine ndisanabwere. Abwana akuti munamaliza." Anandiyang'ana, n'kuzimitsa makina. "A Waisoni. Munamaliza?"

"Munati ndisakhudze."

Anaika chitsulo chija pansi pang'onopang'ono.

Ndinathamangira muofesi. Nthawi imeneyi sindinadikire kuti wamkulu atembenuke. Ndinanena zonse, chimodzichimodzi: manati awiri a injini, awiri a giyabokosi, mabawuti anayi a bulesi, zonse n'zomanga ndi zala. Nkhope ya abwana inafiira kuyambira m'khosi. Anaimba foni ya m'manja ya loya uja, inangolira osayankhidwa. Anaimba kuofesi kwake, anati sanabwerere. Anaimba kunyumba kwake, kunalibe munthu. Anaimbanso ya m'manja katatu. Ine ndinaima pakhomo. Ndinkaganiza za munthu amene watenga galimoto yatsopano m'maso mwake, akufuna kuimva mphamvu zake pamsewu wa kumpoto kumene kulibe maloboti. Ndinapemphera kuti asafe. Ndivomere kuti ndinapempheranso za Disembala, ndipo sindikudziwa pemphero limene linali loyamba.

Itangopitirira faifi koloko, galimoto yokoka zinzake inalowa pageti, yofiira ija ili pamsana, madzi obiriwira akudontha. Loya anatsika kutsogolo ali bwinobwino, malaya okha atanyowa ndi thukuta.

Abwana anatsegula boneti galimoto ikadali pamwamba, kenako anasuzumira pansi ndi tochi. Zimene zinachitika zinali zoonekeratu. Mamauntini olimba amanjenjemeretsa kwambiri, ndipo nati ya kumanzere inadzimasula mpaka kugwa panjira. Loya ataponda moto mwamphamvu, injini inadzuka mbali imeneyo, fani inaluma rediyeta, mapiko ake anathoka n'kudula paipi ya madzi. Iye anapitirizabe kuyendetsa mpaka utsi utatuluka, choncho injini inawira. Bawuti imodzi ya bulesi inali itasowa. Nati ya kumanja abwana anaimasula ndi zala ziwiri, onse tikuona, n'kuiika pachikhatho.

Loya anafunsa kuti wagwira galimoto yake ndani.

Abwana sanazengereze. Anandiloza, nati, "Ndi gadeniboyi wanga. Ndinangomuuza kuti athandizire."

"Mwapatsa munthu wa m'gadeni injini yanga?" anatero loyayo. Sanandiyang'ane n'komwe. Mkwiyo wake wonse unali pa abwana, ngati mmene munthu amakalipira mwini mbuzi imene yadya mmera. Zimenezo zinandipweteka kuposa kutukwanidwa. Abwana anamulonjeza kuti akonza zonse, anamupezera galimoto yopitira kwawo, ndipo mpikisano wa Loweruka unathera pomwepo.

Atachoka, abwana anandiitana pakati pa galaja, Che Saidi ali pomwepo.

"Ndinakufunsa. Unayankha chiyani?"

"Ndinati no."

"Ndiye unanama."

Ndinayesa kufotokoza. Ndinati ayi wanga amatanthauza kuti zatsala, kuti kwathu timayankha choncho, kuti ndinayamba kunena za dzenje iwo akulowa muofesi. Chingerezi changa, chimene ndinkachinyadira, chinkatuluka chodukaduka. Ndikumva ndekha mmene mawu anga ankamvekera ngati a munthu wofuna pothawira.

"No ndi no," anatero abwana. "M'chilankhulo chilichonse."

Ndinatembenukira kwa Che Saidi. Iwo akanatha kunena mawu awiri okha: n'zoona, timatero. Akanathanso kunena kuti anandiletsa ndi iwo kukhudza za pansi. Anali akuyang'ana nati ija, imene abwana anaiponya pabenchi.

Abwana anati kuyambira Lolemba ndili kugadeni sabata yonse. Anati ndiyamike kuti sakundichotsa. Ovolosi ndiisiye pamsomali.

Potuluka tinayenda limodzi ndi Che Saidi kupita kokwerera matekisi. Tinayenda mtunda ndithu. Kenako anandiuza kuti ndibwereze funso la abwana mmene linalili. Nditabwereza, anaseka kuseka kopanda chimwemwe.

"Munawayankha m'Chichewa ndi mawu a Chingerezi."

"Ndiye munamvetsa. Bwanji simunanene, abambo?"

"Ndikanati chiyani? Kuti ndinabwera kuchokera kumzikiti, ndinaona dzenje lili chitsekere, galimoto palibe, ine n'kukhala chete?" Anapukuta ndevu. "Ndinaganiza kuti munaikwezanso ndi jeke. Ndinafuna kufunsa, koma anali atakwiya kale ndi pikapu ija. Ndili ndi ana asanu ku Mangochi, a Waisoni. Mlandu ukanakhala wa tonse awiri, ndipo pa mlandu wa awiri sakanatisiya kugadeni, akanatichotsa ntchito."

Tekisi yawo itabwera, anaika phazi pakhomo n'kutembenuka. "Mapanga awiri avumbwitsa. Mzungu uja sanakuchotseni kugadeni ngakhale tsiku limodzi. Anangokubwerekani." Analowa, chitseko chinatsekedwa.

Ndinakhala m'gadeni imeneyo miyezi isanu ndi iwiri ina. Disembala anabwera n'kupita ndili ndi paipi yothirira m'manja. Makina otchetchera atavutanso, abwana anawatengera kugalaja kuti akawakonze Che Saidi. Nthawi zina galimoto yofiira ija inkabwera kunyumba, chifukwa loya ndi abwana anagwirizananso mpaka kumaotchera limodzi nyama. Ndinkaitsegulira geti. Ndinkamva kulira kwa injini yake ikamadutsa, ndipo ndinkadziwa kuti mamauntini a giyabokosi ndi ya kumanja ndi omwe aja ndinaika ine, anangowalimbitsa.

Pa miyezi imeneyo ndinauweruza mlanduwu kambirimbiri, ndikupalira maluwa. Mbali yanga sindiikana. Ndinasiya galimoto yooneka ngati yatha, makiyi ali pomwepo, popanda chizindikiro chilichonse, ndipo ndinalola ulemu kunditseka pakamwa. Koma amene anandichotsa pakati pa ntchito kuti ndikasese maluwa sanali ine. Amene anapereka galimoto ya mpikisano osaunika pansi ndi tochi, chinthu cha mphindi ziwiri, podalira yankho la liwu limodzi la munthu amene iwo eni ankamutcha gadeniboyi, sanali ine. Pa anthu atatu amene tinalakwitsa tsiku limenelo, mmodzi yekha ndiye anavula ovolosi. Zaka zapita zambiri, koma pamenepa mtima sunaphwe.

Ndinachoka nditapeza malo pagalaja ina kum'mawa kwa mzinda, kumene ndinayambiranso pansi, kutsuka zitsulo m'palafini. Sindinatchule kuti ndinagwirapo kwa a Kobus. Che Saidi ndinakumana nawo kamodzi kokha pambuyo pake, pamaliro a Mmalawi mnzathu. Tinapatsana moni bwinobwino. Ananditcha a Waisoni, osawonjezera za kapinga.

Lero mamauntini ndi mabulesi ndaika osawerengeka, ndipo ndimatsatirabe njira ya Che Saidi chifukwa ndi yolondola. Ndinangowonjezera ziwiri. Ndikasiya nati imodzi yosalimbitsa, ngakhale ndikungopita kukamwa madzi, makiyi a galimotoyo amalowa m'thumba langa, ndipo pachiwongolero ndimamata pepala lolemba chimene chatsala. Chachiwiri, pantchito sindiyankha ndi liwu limodzi. Mwachibadwa sindine wolankhulalankhula, koma munthu akandifunsa ngati sindinasiye kanthu, ndimamuuza chiganizo chathunthu: manati a pansi sindinalimbitse, galimoto isachoke. Akatembenuka ndisanamalize, ndimamutsatira mpaka kuchimbudzi ngati n'kofunika. Anzanga pagalaja amati ndimayankha ngati mboni kukhoti.

Mwana wanga wamkazi anabadwira kuno ku Joni. Tsiku lina amayi ake anamufunsa kuti, "Sunasambe?" Iye anati, "Ayi," kutanthauza kuti sanasambe. Amayi ake anakwiya, anati mwana uyu akuyankha chizungu, Chichewa chake chikuwonongeka, ndimukonze ine bambo wake. Ndinamuyang'ana mwanayo, ali chiimire ndi thaulo paphewa, akudikira kuti ndinene.

Ndinati, "Musiyeni. Odzamufunsa mafunso ndi eni ake a chizungucho."